Mwendo Umene Ndinabisa

"Kodi achemwali, chitini chadzimbiri chili pansi pa nkhokwe chija mumachisungiranji? Simutungira madzi, simusungira mchere. Mwana adzachekeka nacho."

Anandifunsa choncho mayi woyandikana nane nyumba, uja amagulitsa nsomba zouma za ku Chiuta, tsiku lina tikusenda chinangwa. Ndinangoti n'chakale. Iye anaseka, nati zakale zonse zikanamasungidwa bwenzi m'nyumba mulibe pogona. Mwana anayamba kulira kumsana, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma funso lakelo landikhala pamtima masiku angapo, ndiye ndati ndilembe kumapeto kwa kope ili mwana ali m'tulo.

Chitinicho chinali cha mkaka waufa umene ankagawa kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi. N'chachitali ngati mkono wanga wa nthawi imeneyo, kuyambira pachigongono kufika kuzala. Chivundikiro chake chili ndi mabowo khumi ndi awiri. Ndinawaboola ndekha ndi msomali ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Tinabwerera kwathu m'chilimwe, nkhondo itatha. Tinali atatu: amayi, amalume ndi ine. Bambo anatsala m'nkhondomo. Sitinaone manda, sitinamve uthenga. Galimoto inatitsitsa pamsewu, kotsalako tinayenda pansi, amalume patsogolo, ine pakati, amayi pambuyo. Lamulo linali limodzi: phazi lako liponde pamene paponda phazi la mnzako. M'mbali mwa njira munali timitengo tomangirira nsanza, kusonyeza malo amene anthu ankakayikira kuti pali mina, mabomba okwirira aja.

Ine ndinachoka m'mudzimo ndili kumsana, choncho ndinalibe chokumbukira. Chimene ndinapeza ndi bata. Kunalibe tambala, kunalibe galu. Makoma a nyumba anali atasungunuka ndi mvula za zaka zambiri, atatsala ofika m'chiuno. Pabwalo lina panaima mtondo wosinjira, kamtengo katamera m'kati mwake mpaka kutalika kuposa ine. Pamtengo wa mango panapachikika njinga yopanda mateyala, ndipo panalibe amene anayerekeza kukaitsitsa. Mabanja amene anafika ife tisanafike anali anayi okha, ndipo ankalankhula motsitsa mawu ngati pali wina wagona pafupi.

Tinamanga chisakasa cha udzu ndi tenti ya kumsasa. Kenako amalume anayamba kupala pansi pa nyumba yathu yakale kuti timange pomwepo. Tsiku lachiwiri khasu lawo linafika pangodya ina, pamene amayi anati bambo ankayala mphasa yawo. Pamenepo panali dzenje lozungulira bwino ngati kukamwa kwa botolo, m'mphepete mwake moyalidwa ulusi woyera ngati nsalu. Khasu litagwetsa dothi, munatuluka kangaude wamkulu ngati chikhatho changa, waubweya wotuwa ngati phulusa. Sanathawe. Anaimika miyendo yakutsogolo n'kutulutsa kaphokoso konga udzu wouma ukamakhulana.

Amalume anakweza khasu. Amayi anawagwira mkono.

"Musaphe, achimwene. Zaka zonsezi nyumba ino ankailonda ndani?"

Amalume anatsitsa khasu. Amayi sananenepo kuti kangaudeyo anali mzimu wa munthu, nanenso sindikunena zimenezo. Koma ndinawaona atapinda mawondo pang'ono, monga timachitira popatsa moni akuluakulu.

Pansipo panayenera kutsindiridwa, ndiye mlondayo anafunika kusamuka. Ine ndinati ndimusunga. Ndinamukankhira m'chitini ndi kamtengo, ndinaponyamo udzu wodzaza dzanja, ndinatenga msomali ndi mwala n'kuboola chivundikiro kuti azipuma. Ndinaboola kuchokera pamwamba. Kunsi kwa bowo lililonse kunatsala timano tachitsulo toloza m'kati. Ndinationa, koma sindinaganizepo kanthu. Lero ndikamasoka kabudula wa mwana ndimayamba ndapisa dzanja m'kati kuti ndimve ngati muli chobaya. Nzeru imeneyi ndinaigula pamenepo.

Patapita masiku awiri amalume anavulala. Anali munthu wosamala kwambiri. Asanalime paliponse ankayamba atentha udzu, iwo ataima patali, kenako n'kumayenda pang'onopang'ono akuyang'ana phulusa. Tonse tinkaopa chophulika. Koma chimene chinawagwira sichinalire n'komwe. Anali waya waminga wadzimbiri, wobisika m'phulusa kumunda wakumtunda. Unawang'amba pakakolo lakumanzere, kabala kakang'ono kosafika kutalika kwa chala. Anabwera akuseka, nati nkhondo yawapatsa moni mochedwa.

Tsiku lachinayi phazi linali litatupa moti zala zinkaoneka ngati zomata. Anagona pamphasa pamthunzi wa chisakasa, pafupi ndi pamene ndinkaika chitini.

Masana a nyengo imeneyo ndimawakumbukira kuposa china chilichonse. Dzuwa likafika pamutu, mbalame zinkaleka kulira, mphepo n'kuima. M'bata limenelo munkamveka chitini chokha. Kwe, kwe, kwe, zikhadabo zikukwera chitsulo. Kenako du, wagwa. Kachetechete pang'ono, n'kuyambiranso. Amalume ankamvetsera maso ali kudenga. Tsiku lina kunamveka kukwera kokha, kugwa osamveka.

"Mphwanga, tatsegula tione."

Nditanyamula chivundikiro, kangaude anabwera nacho. Anali lende, atakodwa mwendo umodzi wakumbuyo pa timano tija. Mwendowo unali utapotoka, ndipo polumikizira pake panali kadontho koyera ngati madzi, kakukula pang'onopang'ono. Amalume anati amenewo ndiwo magazi ake, ndipo akatha basi wapita. Anadzuka n'kutsamira chigongono, anamukola ndi kaudzu mpaka anamasuka, n'kumutsitsira pansi bwinobwino. Anandituma ufa pang'ono. Anautapa ndi nsonga ya kaudzu komweko n'kuuika pabalapo. Kadontho kanauma.

Sanandikalipire. Anangondiuza zochita, chimodzichimodzi, iwo ali chigonere. Ndikatenge dothi la pangodya pomwe paja, lachinyezi pang'ono, osati lamatope. Ndithire m'chitini mpaka patsale mpata wa zala zinayi kufika pachivundikiro. Ndiikemo khungwa lopindika loti azibisalamo, ndi kachitsekero ka botolo kokhala ndi madzi. Timano tija ndititswanye ndi mwala mpaka chala chizidutsa osamva kanthu. Chitini chizikhala pansi, pamthunzi, osati pathandala.

"Uyu si wa padenga ayi," anatero. "Mimba yake ndi yofewa ngati dzira lopanda chikamba. Wa pansi ukam'patsa pokwera, wam'patsa pogwera."

Titamubwezeramo, anayenda akukoka mwendo wovulalawo n'kulowa pansi pa khungwa. Amalume anayang'anitsitsa, kenako anaseka.

"Wakumanzerenso. Tavulala limodzi ndi mnzangayu. Tione amene ayambe kuchira."

Kuyambira tsiku limenelo ankamutchula kuti mnzanga.

Amayi ankatsuka bala la amalume ndi madzi otentha amchere m'mawa uliwonse. Akatha ankatenga khala n'kulemba mzere pamwendo, pamene kutupa kwalekezera. Anaphunzira zimenezi kwa anamwino a kumsasa. Mzere woyamba unali pakakolo penipeni. Wachiwiri unakwera chala chimodzi. Amalume sankalola kuti madzi kapena dzanja lifike kumtunda kwa bala, pamwendo wotupawo, chifukwa cha ululu, choncho mizere yakale sinkafufutika, inkangozilala. Mwendo unayamba kuoneka ngati makwerero.

Amayi ankawadandaulira kuti apite kuchipatala ku Insaca. Aphunzitsi, amene tinkawatchula kuti apulofesolo, anali ndi njinga ndipo anali atanena kale kuti abwereketsa. Amalume ankakana.

"Achemwali, ku Malawi ndinaona ndi maso angawa. Onse amene tinawanyamula kupita kuchipatala analowa ndi miyendo iwiri. Akandidula, munda alima ndani? Nyumba amanga ndani?"

Tsiku lina amayi atalimbikira kwambiri, iwo analoza chitini.

"Mnzangayu sanapite kwa adokotala. Wangokhala m'dzenje mwake, akuchira. Tsiku limene iye adzataye mwendo wake, inenso mudzandinyamule. Ndalonjeza."

Ananena ngati nthabwala. Amayi sanaseke. Ine ndinamva mawu amodzi okha: mudzandinyamule.

Kangaude anakumba dzenje pansi pa khungwa lija n'kuyala ulusi woyera pakhomo pake. Masana sankaoneka. Ankatuluka m'mamawa, dzuwa lisanatenthe, nthawi imene ine ndinkamuponyera chiwala kapena nkhululu anthu asanadzuke bwino. M'mawa wachitatu nditatsegula, ndinapeza mwendo uli pambali pa kachitsekero ka madzi. Unali wathunthu, waubweya, wodulidwa bwino pamene unkalumikizana ndi thupi, woikidwa kunja ngati zinyalala zimene munthu wasesa m'nyumba. Mwiniwake anali pakhomo la dzenje ndi miyendo isanu ndi iwiri. Panalibe kadontho. Nditaponya chiwala, anachigwira msanga kuposa masiku onse.

Ndinatola mwendowo. Unali wopepuka ngati mankhusu. Ndinayang'ana amalume, anali m'tulo, kukamwa kuli yasa. M'mutu mwanga Insaca kunali kumalo kumene anthu amapita osabwerako, monga kumene anapita bambo. Ndinamanga mwendowo pangodya ya chitenje changa, mfundo ziwiri. M'mawa umenewo mzere wa amayi unali zala zinayi pamwamba pa kakolo.

Atadzuka anafunsa monga mwa masiku onse.

"Mnzanga wadzuka bwanji?"

"Akuchira, amalume."

Anati ndiwaonetse. Ndinapendeketsa chitini. Munkaoneka ulusi woyera wokha pakhomo la dzenje.

"Mwaona, achemwali? Wadzitsekera. Ndi mmene amachirira."

Bodza limeneli ndinalinena m'mawa uliwonse kwa masabata atatu. Sindingadzikhululukire ponena kuti ndinali mwana, chifukwa mizere ndinkaiona. Ndinkaiwerenga ndikamawapatsa madzi. Koma ndinkaganiza kuti malinga ngati ali pamphasa paja, ndikuwaona, ndiye kuti ndawasunga, monga ndinasungira kangaude m'chitini chachitali chija.

Fungo linayamba sabata yachiwiri. Linali lotsekemera moipa, ngati mango ovunda pansi pa mtengo. Ntchentche zobiriwira zinabwera, kaya zinachokera kuti m'mudzi wopanda ziweto. Amayi ankafukiza masamba kuti zithawe. Phazi linada ngati kunsi kwa mphika. Masana, bata lija likafika, amalume ankayamba kupereka moni kunjira kopanda munthu. Ankatchula anthu amene ankakhala m'mudzimo kale, mmodzimmodzi, nyumba ndi nyumba, n'kumadikira yankho. Nthawi zina ankagwedeza mutu ngati ayankhidwa. Amayi ankapitiriza kupeta osatembenuka.

Ine ndinkapita kushikola, sukulu yathu ya pansi pa mtengo wa mkuyu, mfundo ili m'chiuno. Tikamaimba zilembo za Chipwitikizi ndinkamva ngati mwendo uja ukundikanda kudzera m'nsalu. Ndinkaugwira ndi dzanja kuti ukhale chete.

Anaupeza ndi amayi. Tsiku lochapa anandivula chitenje kuchitsime, n'kumasula mfundo poganiza kuti ndabisa mtedza. Unagwera m'dzanja lawo. Anauyang'ana, anandiyang'ana. Sanandimenye. Akanandimenya mwina bwenzi ndinaiwala. Anasiya zochapa pamwala, anandigwira dzanja, tinabwerera kuchisakasa.

"Linali liti?" anandifunsa amayi.

Masiku sindinkawadziwa. Ndinagwada pafupi ndi mwendo wa amalume n'kuloza kamzere kozilala, kumunsi kwenikweni, pafupi ndi kakolo. Amayi anayang'ana pamene ndinaloza. Kenako maso awo anakwera mzere ndi mzere, kudutsa msongolo, kudutsa bondo, mpaka pa wa m'mawa umenewo, umene unali pantchafu. Anatsegula dzanja la amalume n'kuikamo mwendo wa kangaude.

Amalume anali bwinoko nthawi imeneyo, mutu uli m'malo. Anautembenuza ndi chala kwa nthawi yaitali.

"Anaudula yekha?"

"Eya."

"Ndipo akudya?"

"Akudya."

"Ndiye wanzeru ndi iyeyo." Anatseka dzanja. "Achemwali, kabwerekeni njinga ija."

M'mawa mwake anawamangirira pakaliyala ndi zitenje ziwiri. Apulofesolo ankakankha, amayi akuwagwira kumsana. Ananyamuka mondondozana m'kanjira kaja, pakati pa timitengo ta nsanza, mwendo wakudawo ukulendewera. Ine anandisiya ndi banja loyandikana nafe. Pambuyo pake tinamva kuti ku Insaca sanakhalitse, anawakweza galimoto kupita kuchipatala chachikulu.

Panapita mwezi ndi masiku ena. Mvula yoyamba inagwa, ngumbi zinatuluka. Kangaude anasiya kudya. Ngumbi ndikaponya zinkangoyendayenda mpaka ndizichotse. Anatseka khomo lonse ndi ulusi wochindikala, osatulukanso. Ndinkaika khutu pachitini, osamva kanthu. Ndinkaganiza kuti wafa, ndipo ngati wafa ndiye kuti amalumenso afa. Sindinauze munthu.

M'mawa wina nditatsegula ndinapeza akangaude awiri. Mmodzi anali chagada kunja kwa dzenje, miyendo m'mwamba, msana wong'ambika, m'kati mopanda kanthu. Miyendo yake inali isanu ndi iwiri. Wina anali pakhomo la dzenje, wakuda, wonyezimira ngati wanyowa, akundiyang'ana. Chivundikiro chinandipulumuka. Nditalimba mtima ndinawerenga miyendo ya wamoyoyo. Inali isanu ndi itatu. Wakumanzere kumbuyo unali wowonda, wotuwa, waufupi pang'ono kuposa inzake, koma unalipo, ndipo unkayenda.

Ndinathamangira kwa apulofesolo. Anati wafundula, monga imachitira njoka kapena nkhanu, ndipo chagadacho ndi chikopa chake chakale. Anandichenjeza kuti ndisamukhudze, ndisamupatse chakudya mpaka thupi liume, chifukwa ali wofewa chotero ngakhale chiwala chikhoza kumuvulaza.

"Nanga munthu amafundula liti?"

Anzanga anaseka. Apulofesolo sanaseke. Anayang'ana kunjira ya ku Insaca.

"Munthu safundula, mwana iwe."

Sindinawakhulupirire. Ndinaganiza kuti zimenezi sizinalembedwe m'buku lawo basi.

Amalume anabwera chimanga chitafika m'mawondo. Anali ndi ndodo ziwiri zam'khwapa, ndipo mwendo wa buluku wakumanzere unali wopindidwa n'kumangidwa ndi pini pakati pa ntchafu. Anali ataonda, koma fungo lija linali litatha. Madzulo ake ndinamva amayi akuuza mayi wa banja lija kuseri kwa chisakasa. Anati anamwino ananena kuti akanafika msanga akanadula kunsi kwa bondo, ndipo munthu wokhala ndi bondo amamuika mwendo wopanga n'kumalima ataimirira. Amayi ankadziwa kuti ndili pafupi. Sanandiyang'ane.

Masiku amenewo amalume ankandiitana masana.

"Mphwanga, tandikanda chidendene. Chikundiyabwa."

Ndinkagwira phazi lakumanja, iwo n'kuti ayi, linalo. Ndiye ndinkakanda mphasa, pamene chidendene chikanakhala. "Kumunsi pang'ono," ankatero, maso ali chitsinzinire. "Eya, pamenepo." Mumtima ndinkakondwa. Kwa ine umenewu unali umboni wakuti mwendo watsopano ulipo kale, sukuoneka chabe, ukudikira tsiku lake.

Ndiye tsiku lina m'mamawa ndinawatengera chitini, ndili wonyadira, ngati ndanyamula mankhwala. Kangaude anali pakhomo la dzenje. Amalume anatenga kaudzu n'kuwerenga miyendo osaikhudza, umodziumodzi. Atafika pa wowonda uja anaima. Anauyang'anitsitsa mpaka ndinamva mkono wanga ukutopa.

"Wachita bwino mnzanga," anatero. "Kam'tule kuseri, pamthunzi. Kwakwana."

Ndinakagoneka chitini cham'mbali kuseri kwa khoma la nyumba imene anthu a m'mudzi anatithandiza kumanga, chosavundikira. Anakhalamo masiku awiri. Lachitatu munalibe kanthu. Patapita sabata ndinaona dzenje lozungulira bwino m'tsinde mwa khoma, kumbali ya ngodya yomwe ija, m'mphepete mwake muli ulusi woyera. Amayi ankasesa molizungulira.

Amalume sanandinenepo kanthu za masabata atatu aja, ngakhale kamodzi, mpaka tsiku limene tinawaika m'manda zaka zambiri pambuyo pake. Anaphunzira kuluka mphasa ndi kusoka maukonde a asodzi a kunyanja, atakhala pansi. Ankaseka ngati kale. Koma khasu lawo linakhala chipachikire paphaso, ndipo nthawi yolima ikafika ankakhala chofulatira kumunda.

Dzinja lonse limenelo ndinkadzuka aliyense asanadzuke. Ndinkadikira kuti amalume atuluke ndi ndodo zawo, kenako ndinkalowa n'kufunyulula chofunda chawo pang'onopang'ono. Ndinkafuna chikopa. Ndinkadziwa mmene chidzaonekere: chagada, chopepuka, chong'ambika kumsana, cha mwendo umodzi. Ndinali nditakonzeka kale kuti sindidzawakhudza mpaka aume. Ndinkapeza nyerere ndi tizidutswa ta mlaza basi. Ndinkati mwina mawa.

Kuwerengera kwake ndinakudziwa nditakula, ndipo n'kosavuta. Kangaude anataya mwendo umodzi chifukwa cha mabowo anga, ndipo unabwerera. Amalume anataya phazi chifukwa cha waya, limenelo linali litapita kale. Msongolo ndi bondo zinapita ndi mfundo ziwiri za pachitenje changa. Munda wakumtunda unabwerera kutchire, ndipo mpaka lero sunalimidwenso.